Mtchona wabwera: sabata imodzi ku Zomba

Lolemba, 5 Ogasiti 2024

Ndafika madzulo ano miyendo itatupa. Basi yochokera ku Joni inatitula ku Wenela dzulo usiku titadutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza. Ndinagona kwa msuweni wanga ku Bangwe, ndipo lero ndakwera minibasi ku Limbe. Njuli, Namadzi, Thondwe, ogulitsa tomato ndi nzimbe akuthamangira mawindo monga kale. Titapitirira Thondwe phiri linatulukira kutsogolo chakumanzere, mtambo utakhala pamutu pake, ndipo ndinasiya kumva zimene anzanga a mu minibasi amakambirana.

Abale akudziwa kuti ndabwerera chiliza cha mayi, chimene tivundukule Loweruka kumudzi kwathu cha ku Jali. Zimenezo ndi zoona. Koma pali china chimene sindinauze achemwali anga amene ndikugona kwawo kuno ku Chinamwali. Mu Epulo ndinapeza munthu pa Facebook, munthu amene ndinamusiya mu 1997 osatsanzika. Pano ndizimutcha Dalitso. Si dzina lake, ndipo langanso simuliona. Amene mukudziwa mmene zinthu zilili kwathu kuno simufunsa chifukwa.

Ndinamulembera mizere iwiri. Anayankha patatha masiku 9: "Mukadzabwera mudzandipeze ku Matawale, ndimapala matabwa." Mawu akuti "mukadzabwera" ndawawerenga kosawerengeka. Ine ndi iye sitinatchulanepo "inu" chibadwire.

Ndisanapite ku Chinamwali ndinazungulira pang'ono m'tauni ndi chikwama kumsana. Zomba sasintha msanga ngati Lilongwe. Likulu linachoka kuno mu 1975, aphungu anapitiriza kukumana kuno mpaka 1994, ndipo chichokereni iwo tauniyi imakhala ngati munthu wopuma pantchito amene amavalabe jekete yake yabwino. Nyumba za njerwa zofiira za atsamunda zilipo, mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa msewu ilipo, nsanja ya wotchi yokumbukira asilikali a KAR, gulu la nkhondo la nthawi ya atsamunda, ilipo. Chachilendo ndi njinga zamoto za kabaza, zimene zachuluka ngati ngumbi, ndi mitengo ya zinthu mumsika. Kwacha atagwa mu Novembala chaka chatha, mulu wa matemba umene ndinkauona ngati wa ana lero ukufuna kuganizira kawiri.

Achemwali andiphikira nsima ya mgaiwa ndi chambiko cha nkhwani wotendera. Funso lawo silinachedwe: "Nanga achimwene, alamu athu mudzatibweretsera liti? Zaka 48 si masewera." Ndinawayankha monga ndimayankhira nthawi zonse, kuti Mulungu akalola.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Ndinamuona iye asanandione. Shedi yake ili kuseri kwa magolosale, denga la malata akale, pansi pali phala la utuchi lofika m'kakolo. Anali atawerama pa thabwa la paini akulipala, pensulo ili kukhutu. Tsitsi layera m'mbali, thupi lanenepako, koma mapewa ndi omwe aja, limodzi lokwera pang'ono kuposa linzake chifukwa cha kugwa panjinga tili anyamata. Ndinaima patsidya pa ngalande nthawi yaitali mpaka mnyamata wina wophunzira ntchito anandifunsa ngati ndikufuna bedi kapena kabati.

Dalitso anadzutsa mutu. Anapukuta manja pa ovolosi, nabwera, nandipatsa moni wa manja awiri, lamanzere litagwira mkono wamanja, monga amachitira munthu kwa apongozi.

"Mwafika bwanji, achimwene? Kunjira?"

"Ndafika bwino, kaya inu."

Anauza anyamata ake awiri kuti, "Awa ndi anzanga a kusukulu, amakhala ku Joni." Anatumiza wina kukagula Fanta ndi mandasi. Tinakhala pa benchi yosamaliza ndi kukamba za mtengo wa matabwa. Anandifotokozera kuti paini wa kuphiri watha, kuti amene akutsika pamitu ya anthu masiku ano ndi wosakhwima, ukaumitsa amapindika, ndiye matabwa abwino amachita kuitanitsa kutali. Anandionetsa chitseko cha mbawa chimene akuti mtengo wake anaufunafuna miyezi itatu. Ndinamufunsa za ana. Ali nawo atatu, wamkulu ndi namwino, wotsiriza ali Fomu 2. Mayi awo anamwalira mu Januwale 2021, nthawi imene Covid inasesa anthu ambiri kuno. Ndinapepesa. Anati, "Zikomo, zinachitika."

Ola lathunthu linatha osandiyang'ana m'maso. Ine ndinkayang'ana manja ake. Chala chamkombaphala chakumanzere chinaduka nsonga, ndipo sindikudziwa kuti zinachitika chaka chiti, ndani anamuperekeza kuchipatala. Zaka 27 za moyo wa munthu ndi zinthu zotero, zing'onozing'ono zambirimbiri zimene sunalipo.

Potsanzika anati, "Lachinayi ndilibe ntchito yambiri. Ngati miyendo ikadali yolimba tikhoza kukwera phiri."

Lachitatu, 7 Ogasiti

Chiperoni chagwa, kamvula kowaza tsiku lonse. Ndinapita kumudzi kukaona pamene amisiri afika ndi chiliza. Chatha, changotsala kupaka. Ndinalonjera amalume, amene tsopano maso awo saona bwino, ndi kubwerera msanga.

Ndilembe za amalumewa, chifukwa popanda iwo nkhaniyi simveka. Kwathu ndi kwa Alhomwe, mwinimbumba ndi malume, ndipo bambo atamwalira fizi yanga ankalipira ndi iwo. Ine ndi Dalitso tinalemba mayeso a Fomu 4 mu 1995, tonse tili ndi zaka 19. Ku Chancellor College sitinasankhidwe, ngakhale tinkadutsa pa Chirunga tsiku ndi tsiku n'kumasirira anzathu. Tinayamba geni ya nsomba ndi njinga imodzi yobwereka. Zimene zinakula pakati pathu zinalibe dzina limene tikanalitchula. Dzina limene anthu amatchula, lija loyamba ndi "matha", ndi mwala wogendera munthu, ndipo sitinkaliona kuti likunena ife. Tinkangodziwa kuti tsiku losaonana linali lalitali.

Mu 1997 amalume anapeza kalata yake m'thumba la malaya anga. Sanakuwe. Anandiitanira kuseri kwa nkhokwe, nang'amba kalatayo ine ndikuona, nati pali mnzawo woyendetsa thiraki amene anyamuke Loweruka kupita ku Joni, ndipo ndikwere. Anati ndikakana akaitula nkhaniyi kwa bambo ake a Dalitso, amene anali mkulu wa mpingo. Ndinakwera. Ndinadziuza kuti ndikumuteteza. Koma kuchokera ku Chinamwali kufika kwawo unali mtunda wa mphindi 20 wapansi, ndipo ndinali ndi masiku atatu. Sindinapite chifukwa ndinkaopa nkhope yake. Mayi atamwalira mu 2019 ndinabwera, ndinakhala masiku anayi, osamufunafunanso. Cholakwa chimenecho si cha amalume.

Madzulo mvula itakata ndinalowa m'munda wa maluwa wa boma uja wa m'mphepete mwa Mulunguzi, umene unayamba kalekale m'nthawi ya atsamunda. Ana a sukulu amawerengerabe pa miyala ya m'mbali mwa mtsinje, awiriawiri. Mwala wathu ulipo.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Tinakumana 6 koloko m'mawa kumunsi kwa phiri ndi kukwera njira yachidule ija imene alimi a pamwamba amatsitsira mbatatesi kumsika. Ndinali nditaiwala kutsetsereka kwake. Dalitso ankatsogola osapuma, ine ndikupumira m'mwamba kumbuyo. Tinkapatukira amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni yotalika kuposa iwo eni, ndi anyamata osenza matabwa awiriawiri pamutu, thukuta lili chuchuchu m'mawa wozizira chonchi. Malo ambiri amene ndinawasiya ali nkhalango yakuda lero ndi zitsa ndi udzu wopsa. Zinandiwawa, koma sindingaweruze mayi amene mtolo umenewo ndiwo ufa wa ana ake madzulo.

Pafupi ndi Ku Chawe anyamata anatizinga ndi timbale ta sitiroberi, mabulosi ndi magalagadeya. Dalitso anagula mabulosi osatsitsa mtengo, nandipatsa osanena kanthu. Ankakumbukira.

Damu la Mulunguzi mmene lililimu sindinalisiye. Linamangidwa ine nditachoka, ndipo ndilo limamwetsa tauni yonse. Madzi ake ali phee, obiriwira ndi chithunzi cha mitengo. Tinadutsa pa mathithi a Williams, kumene tinkasamba kale madzi ozizira mpaka mano kuguguda, kenako tinayenda ulendo wautali kukafika ku Emperor's View, pamene anaimapo mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965. Chapafupi pali Queen's View, pokumbukira mayi a Mfumukazi Elizabeth amene anafikapo mu 1957. Kumwamba kunali kutayera pambuyo pa chiperoni cha dzulo. Mulanje ankaoneka yense, Chiradzulu uko, ndipo kum'mawa nyanja ya Chilwa inkanyezimira ngati lata latsopano, chilumba cha Chisi chili pakati.

Panalibe munthu wina. Ndinayamba mawu amene ndakhala ndikuwakonza kuyambira pa Beitbridge. Ndisanafike pakati anandidula.

"Iwe, khala chete kaye."

Anayankhula nthawi yaitali, maso ali kuchigwa. Anati Loweruka limene ndinachoka anandidikira pa depoti ndi njinga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, chifukwa tinapangana zopita ku Kachulu. Anamva kwa mwana wa neba kuti ndapita ku Joni. Chaka chathunthu ankapita ku positi ofesi Lachisanu lililonse kukafunsa ku bokosi la mpingo. Anadwala, anaonda, kwawo ankati walodzedwa ndipo anamutengera kwa asing'anga ku Songani. Palibe amene akanamuuza chimene chikumudya, chifukwa maliro a chinthu chobisika umalira wekha, ndiponso kumbali.

Kenako ananena chimene sindinachiyembekezere. "Usaganize kuti ndakhala zaka zonsezi ndikudikira iwe. Mayi a ana anga ndinawakonda. Anali munthu wabwino, anandidzutsa ndili pansi. Ukafuna kulowa m'moyo wanga, udziwe kuti iwo alimo ndipo sadzachokamo."

Ndinamuuza za kalata ndi za amalume. Sankadziwa. Anakhala chete, kenako anati, "Ukanabwera kudzandiuza. Tikanalira limodzi tsiku limodzi, m'malo moti ndilire ndekha chaka." Ndinalibe choyankha, ndipo sindinayese kupeza. Ndinangoti ndinalakwa. Ndinalira monga sindinalirepo chimwalirire mayi, ndipo iye sanandiletse. Patapita nthawi anandipatsa kansalu kake kopukutira thukuta, konunkhira utuchi wa paini.

Tikutsika ndi pamene ndinazindikira kuti chiyambire pamwamba paja sananenenso "inu". Anandikalipira ndi "iwe", ndipo ndi mawu okoma kuposa onse amene ndamva chaka chino.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Mawondo akuwawa, koma m'mawa analiza foni: "Tiye ku Kachulu. Unandisiya ndi ulendo umenewu."

Tinakwera njinga zamoto ziwiri. Msewu ukangosiya tara ndi fumbi lokhalokha, kudutsa minda ya mpunga ya ku Likangala imene akolola kale. Pa doko fungo la matemba oyanika limakulandira usanaone madzi. Asodzi akuti chidutsire namondwe wa Freddy mu Malichi chaka chatha madzi achuluka, ndipo anationetsa pamene panali zisakasa zawo pomwe lero pakuyandama mabwato.

Amene simuidziwa Chilwa, nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi ina imathiramo, dzuwa ndilo limachotsa. Ndi yosaya, moti bwato amaliyendetsa ndi nsungwi yaitali yokankhira pansi. Mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa, monga inachitira mu 1968, mu 1995, ndi posachedwapa mu 2018. Ikaphwa, matemba ndi makumba otsala amabisala m'maiwe a m'mitsinje, milamba imapirira m'matope a m'madambo, ndipo madzi akabwerera zimaswananso. Asodzi ena amakhala miyezi pamadzi m'zimbowera, timisasa tomanga pa udzu woyandama, osaponda mtunda.

Kuphwa kwa 1995 ndiko kunapha geni yathu isanakule, ndiponso ndiko kunatipatsa tsiku limene sindinaliiwale. Nsomba zitasowa tinasiya njinga pa Kachulu n'kuyamba kuyenda pansi pa nyanja kulowera ku Chisi, pa dothi long'ambika ngati chikungwa cha mtengo, mabwato atagona chammbali paliponse. Titafika pakati, pamene munthu wa kumtunda amaoneka ngati nyerere, Dalitso anandigwira dzanja. Amuna kugwirana manja poyenda si chachilendo kwathu, koma tonse tinadziwa kuti kugwira kumeneko kunali kwina.

Lero tinalipira mnyamata wa bwato kuti atizungulitse. Ndinafuna kupeza malo aja, koma pamadzi palibe chizindikiro. Ndinati chapansipansi, madzi saiwala khwawa. Dalitso anapukusa mutu. "Nyanja inabwerera, inde. Koma anthu ambiri amene anathawa njala chaka chija sanabwerere, ena anafera komwe anapita. Usamakambe ngati zinali zoti zichitika basi. Unachita kukwera basi n'kubwera."

Titatsika tinagula milamba yowamba ndi kukhala pansi pa mtengo patali ndi anthu. Apa ndi pamene tinakamba zovuta. Ku South Africa amuna awiri akhoza kukwatirana mwalamulo kuyambira 2006, ngakhale kumalokeshoni kumene ndimakhala munthu amayendabe mochenjera. Kuno gawo 153 la malamulo a milandu likadali ndi zaka 14 za ndende. Tonse tikukumbukira awiri aja a chinkhoswe cha ku Blantyre amene anamangidwa mu Disembala 2009, n'kulamulidwa zaka 14, mpaka Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira mu Meyi 2010. Dalitso akuti masiku amenewo wailesi ikayamba nkhaniyo mushedi, anzake akuseka, iye ankapita kuseri ngati akukasankha thabwa. Chaka chatha mu Julayi mipingo inayenda m'misewu kutsutsa anthu ngati ife, ndipo mpingo wake unali nawo. Pa 28 Juni chaka chino khoti loona za malamulo aakulu a dziko linagamula kuti malamulo aja akhalebe. Ndende yaikulu ya Zomba ili m'mbali mwa msewu umene amadutsa popita kukagula misomali.

Ndinamufunsa ngati angabwere ku Joni. Anakana mosazungulira. Mwana wake wotsiriza ali pasukulu, manda a mkazi wake ali kuno, makasitomala ake ali kuno, ndipo amaimba besi m'kwaya imene waimbamo zaka 30. "Ndine wa kuno. Amene anachoka ndi iwe." Ndikuona kuti akunena zoona, ndipo si bwino kuti amene anasiyidwa ndiye azisenzanso katundu kutsatira amene anathawa.

Loweruka, 10 Ogasiti

Mwambo wa chiliza wayenda bwino. Abusa analalikira mwachidule, amayi a chigwirizano anaimba, tinaphika thobwa migolo iwiri ndi kupha mbuzi. Ndinayankhula m'malo mwa ana ndipo mawu sanandithawe.

Sindinamuitane Dalitso, poopa kumuika pamalo ovuta. Cha m'ma 9 koloko ndinangoona kagalimoto kakang'ono kakuima pamsewu, iye akutsitsa mabenchi anayi atsopano. Anauza achemwali kuti mayi ankamupatsa nsima masiku a geni ya nsomba, ndiye sakanabwera chimanjamanja. Achemwali anamukumbukira, anakuwa ndi chimwemwe, namukhazika kwa amuna.

Nthawi ya chakudya itakwana anapita kukalonjera amalume, amene anakhala pampando wa ndalema pakhonde. Mtima wanga unali m'mwamba. Anagwada, natchula dzina lake ndi la bambo ake. Amalume anakhala duu, dzanja la Dalitso lili m'manja mwawo, osalisiya. Ndinkawerenga mpweya wanga. Kenako anati, "Mwana wanga, wabwera. Wachita bwino." Anatembenuzira nkhope kumene amaganiza kuti ndaima, nati, "Mupatseni nyama mlendoyu, asachoke ndi njala."

Kaya anakumbukira, kaya ukalamba unafufuta zonse, sindinawafunse ndipo sindidzawafunsa. Dalitso anadya, anatsuka m'manja, anaimba nawo nyimbo yotsekera. Besi yake ndinaimva pakati pa anthu onse aja.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Tikiti yanga inali ya mawa. M'mawa uno ndaimbira a basi kuti aisunthe ndi masabata awiri, ndipo ndalembera abwana anga kuti kumudzi kwatsala zina zoti ndikonze. Achemwali akondwa, akuti mlendo ndi mame koma ine ndiye ndayamba kukhala mvula.

Sitinalonjezane kanthu. Ndamufunsa za mtengo wa malo cha ku Domasi, ndipo wati aziyamba wafunsa, koma ndisathamange. Ndili ndi zaka zingapo ndisanapume ntchito, iye ali ndi mwana woti amalize sukulu. Pamaso pa anthu ndidzakhala mnzake wa kusukulu wa ku Joni, mwina mpaka kalekale, ndipo zimenezo zimandiwawa ndikamaziganiza usiku.

Atatuluka kutchalitchi anandiitana kunyumba kwake. Mwana wake wamkulu, namwino uja, anaphika nsima ndi milamba ya ku Kachulu ija yothira tomato. Pakhoma pali chithunzi cha mayi awo atavala yunifolomu ya mvano. Mtsikanayo anandithirira madzi osamba m'manja atagwada, nati, "Ankolo, adadi chiyambire Lachinayi akungoimba m'bafa. Muzibwerabwera." Dalitso anayang'ana m'mbale.

Madzulo tinadutsa kushedi kuti akatenge tepi yoyezera, chifukwa mawa ali ndi ntchito yokhoma zitseko ku Mpondabwino. Anyamata kunalibe. Anapeza thabwa lina litasiyidwa pansi pomwe pamadontha, nawerama kuti alinyamule, koma linali lalitali.

"Iwe, gwira uko," anatero.

Ndinagwira, tinaliika pamwamba pa anzake. Akuti mawa ndifike 7 koloko, ndipo ndisavale nsapato zoyerazi.